Kashembe, Njinga ndi Njobvu: Mbiri ya Miseu ya ku Malambo



Amene munapitako ku Mfuwe mudziwa zimene munthu aona m'mamawa pa mseu wocokera ku bwalo la ndeke kupita ku mlatho wa Luangwa. Dzuwa lisanakwere, mseu udzala ndi njinga. Uyu wamanga mtolo wa ndiwo zamasamba pa keliyala, uyo wanyamula mkazi wake ndi khanda kupita nao ku cipatala, wina athamangira nchito ku malo ogona alendo, ana a sukulu akwerana awiri-awiri. Motoka za alendo odzaona nyama zidutsa apa ndi apo, koma mukaima ndi kuwerenga mudzapeza kuti njinga ndizo zicuruka.

Ine ndinakulira kumtunda, kumene ngolo ya ng'ombe ndiyo inyamula cimanga kucoka kumunda. Pamene gulu lathu linapita kukaceza ndi anzathu a ku Malambo, ndinadabwa kuona kuti tikamayandikira mtsinje makola a ng'ombe anali kusowa. Ndinafunsa agogo ena amene anatilandira pakhomo pao. Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, funsa kashembe. Ndiye anatimana ng'ombe, ndiye anatisiyira njobvu, ndipo ndiye anatiphunzitsa kuchova." Poyamba ndinayesa nthabwala. Nditawerenga mbiri ya cigwaci ndinapeza kuti agogo aja ananena zoona.

Cigwa cimene cinakana ng'ombe

Cigwa ca Luangwa cili pansi, ncotentha, ndipo cili ndi nkhalango zazikulu za mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani. Awa ndiwo malo amene kashembe akonda. Nchenche imeneyi ikaluma nyama yakuthengo monga njati kapena njiri, itenga tizirombo m'mwazi mwake. Nyama zakuthengo zinazolowerana nato tizirombo timeneti ndipo sizidwala kweni-kweni. Koma nchenche yomweyo ikaluma ng'ombe kapena kavalo, ciweto cija ciyamba kuonda, cifooka, kenaka cifa. Mu 1895 dotolo wina dzina lake David Bruce, ali ku Zululand, anaonetsa kuti kashembe ndiye atenga matendawa ku nyama zakuthengo ndi kuwapatsira ziweto.

Anthu naonso sanapulumuke. Mtundu wa kaodzera wopha msanga unazindikirika mu 1910 m'mwazi wa munthu amene analumidwa m'cigwa ca Luangwa, ndipo kacirombo kake anakapatsa dzina locokera ku Rhodesia, dzina la dziko lathu pa nthawiyo. Mu 1911 ndi 1912 madotolo awiri, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, anagwira nchito pa Nawalia m'cigwa momwemo, natsimikiza kuti kashembe wa m'nkhalango zouma zathuzi ndiye afalitsa matendawa kwa anthu.

Tsono onani cimene cinacitika. Kumtunda, Angoni a Mpezeni ndi Acewa anali kuweta ng'ombe, minda inakula, ndipo nyama zakuthengo zinacepa pang'ono-pang'ono. Kucigwa, Akunda ndi anansi ao anali kulima ndi khasu, kusodza ndi kusaka. Alimi acizungu amene anagawana malo mozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, sanatsikire kucigwa, cifukwa ng'ombe zao zikanatha. Motero nyama zinatsala. Koma panatsalanso funso lakuti, kumene kavalo afa ndipo ngolo ilibe coikoka, munthu ayenda bwanji? Yankho loyamba linali phazi ndi mutu. Katundu anali kuyenda pamitu ya amtengatenga, ndipo mzungu anali kugona m'macila, amuna namunyamula pamapewa mosinthana. Yankho laciwiri linali kukonzedwa kutali, ku Ulaya.

Kubadwa kwa njinga

Mu 1817, ku Mannheim m'dziko la Germany, Karl von Drais anayenda pa cinthu camatabwa ca mawilo awiri. Cinalibe zopondapo, wokwera anali kudzikankha ndi mapazi pansi. M'zaka za m'ma 1860 amisiri a ku Paris anaika zopondapo pa wilo lakutsogolo. Pofuna liwiro anayamba kukulitsa wilo limenelo kufikira wokwera anali kukhala pamwamba ngati ali padenga, ndipo akagunda mwala anali kugwa camutu.

Njinga imene tiidziwa ife inabadwa mu 1885 ku Coventry, m'dziko la England, pamene John Kemp Starley anapanga njinga yochedwa Rover. Inali yaifupi, yokhala ndi cheni cozunguza wilo lakumbuyo. Mu 1887 John Boyd Dunlop, dotolo wa ziweto wa ku Belfast, anaona mwana wake akubvutika ndi kugwedezeka pa kanjinga ka mawilo atatu, ndipo anamupangira matayala opopa mpweya. Ndi zinthu ziwirizi, cheni ndi tayala lampweya, munthu wamba anatha kuyenda mtunda wautali ndi mphamvu ya miyendo yake yokha.

Pali cinthu cina cimene ambiri sacidziwa. Ena mwa anthu amene anadandaula kwambiri za kuipa kwa miseu ya kumidzi ku England anali ochova njinga. Sitima zapamtunda zitabwera, miseu yakale inasiyidwa. Mu 1886 mabungwe a ochova njinga anayambitsa gulu lochedwa Roads Improvement Association kuti likakamize boma kukonza miseu. Caka cimeneco ndi comwe Karl Benz analembetsa motoka yake yoyamba. Motero pamene motoka zinayamba kucuruka, zinapeza anthu a njinga atayamba kale kumenyera mseu wabwino. Kumbukirani zimenezi tsiku limene dalaivala adzakulizirani hutala ngati kuti mwalowa m'munda mwake.

Njinga ifika kwathu

Kwa akulu-akulu a boma la atsamunda, njinga inali kavalo amene kashembe sangamuphe. Siidya, siidwala, ndipo pofika pamtsinje munthu aisenza ndi kuoloka nayo. Pofika mu 1910 njinga zinali zitazolowereka kotero kuti akulu awiri a bomalo, Frank Melland ndi Edward Cholmeley, popita kwao kukapuma ananyamuka kuno pa njinga kulowera kumpoto, kudzera ku nyanja zazikulu, nafika ku Egypt, pena pa njinga, pena pansi. Ulendo wao anaulemba m'buku lochedwa Through the Heart of Africa, limene linasindikizidwa mu 1912.

Koma tisaiwale amene analipira mtengo wake. Bwana DC asanayambe ulendo wake woyendera midzi ndi kulemba a msonkho, mau anali kutsogola kwa mafumu kuti anthu alambule njira. Amuna ndi akazi anali kutuluka ndi makasu, kusadza udzu, kuzula zitsa ndi kuyala mitengo pa timitsinje, kuti njinga ya bwana idutse bwino. Pambuyo pake panali kubwera amtengatenga ndi mahema ndi mabokosi. Njira zambiri za pakati pa midzi zinakula motere, zolimidwa ndi manja a agogo athu.

Sipanapite nthawi, njinga inaleka kukhala ya azungu okha. Aphunzitsi a mishoni, alaliki ndi amesenjala a pa boma anayamba kuyenda nazo. Anyamata amene anapita kukagwira nchito ku Southern Rhodesia, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa anali kubwerera ndi zinthu zitatu zoonetsa kuti sanapite pacabe: sutukesi, jekete ndi njinga ya Raleigh kapena Humber. Mudzi wonse unali kutuluka kudzamva belu.

Kashembe naye anapeza mwai. Nchencheyi itsata cinthu coyenda, ndipo ikonda mtundu wakuda ndi wabuluu. Imatera pamsana pa wochova ndi kuyenda naye mtunda wautali. Ndico cifukwa cake boma linaika zipata pa miseu yocokera kumalo a kashembe. Pacipata wochova anali kutsika, mlonda namuzungulira ndi kaukonde kogwirira nchenche, ndipo motoka inali kupoperedwa mankhwala, kuti kashembe asakwere nao kumtunda kumene kuli ng'ombe. Funsani akulu a kwanu. Ambiri azikumbukira zipata zimenezi.

Nkhalango ikhala ya boma

Nyama zimene kashembe anasunga zinayamba kukopa maso a boma. Mu 1938 madera akulu a cigwa analengezedwa kukhala malo osungiramo nyama, kumwera ndi kumpoto. Kwa eni nthaka ici sicinali cinthu cokondweretsa. Munthu amene makolo ake anali kusaka njati ndi ulemu wonse, mfumu nilandira gawo lake, tsopano anachedwa mbala ya nyama.

Mmodzi wa azungu amene anaona kuti zimenezi sizidzayenda anali Norman Carr, amene poyamba nchito yake inali yoombera njobvu zoononga minda. Mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule gawo la dziko lake, kum'mawa kwa mtsinje, likhale losungiramo nyama. Anamangapo msasa wa alendo, ndipo ndalama zimene alendowo anali kulipira zinali kupita ku thumba la ufumu wa Akunda. Ganizo lake linali lapafupi: munthu sasunga cinthu cimene sicimupindulira. Carr ndiyenso anachukitsa kuona nyama moyenda pansi, kumene Luangwa adziwika nako kufikira lero. Anamwalira mu 1997.

Mu 1972 boma la Dr Kenneth Kaunda linakweza malowa kukhala South Luangwa National Park, ya masikweya kilomita 9,050, ndipo gawo la Nsefu lili m'kati mwake. Muli nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zimene sizipezeka kwina kulikonse kunja kwa cigwa ca Luangwa. Kum'mawa, mbali yaikulu ya malire a paki ndi mtsinje womwewo. Tsidya lino ndi dera la Lupande, dziko la mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama. Kuno anthu aloledwa kukhala ndi kulima, koma palibe mpanda wa waya pakati pao ndi nyama. M'cilimwe madzi akaphwa, njobvu ioloka monga inali kucitira kale boma lisanalembe mapu. Miseu imene tikambayi ili m'dera limeneli.

Zaka za mfuti

Mu 1973 akatswiri anawerenga njobvu za m'cigwa conse ali m'ndeke napeza kuti zinali zoposa 80,000. Patangopita zaka zocepa mtengo wa mkuwa unagwa, cuma ca dziko cinalowa pansi, ndipo mtengo wa minyanga kunja unakwera. Magulu a anthu okhala ndi mfuti zankhondo analowa m'nkhalango. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njobvu zoposa theka zinali zitaphedwa. Cipembere cinaona zoopsa koposa. Cigwa cimene cinali ndi zipembere zikwi cinatsala opanda ndi cimodzi comwe, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti nyamayi yatha m'Zambia monse. Zipembere zisanu zoyamba kubwezeredwa zinafika ku North Luangwa mu 2003 pa ndeke, kucokera ku South Africa.

Tisaname, njinga inagwira nchito mbali zonse ziwiri. Inanyamula nyama yofutsa usiku kupita nayo kumtunda, inanyamulanso alonda a nyama ndi uthenga wao. Njinga ilibe mlandu. Apita nayo kumene mtima wa mwini wake ufuna.

Tsoka limeneli linabwezera anthu ku ganizo la 1950 lija. Mu 1986 kunayamba nchito yochedwa Luangwa Integrated Resource Development Project, yothandizidwa ndi dziko la Norway, yofuna kuti ndalama za nyama zifike kumidzi. Mu 1989 maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga pakati pao. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi ochedwa Community Resources Boards, olandira gawo la ndalama za nyama. Mu 2003 kunabadwa COMACO, imene igula mpunga, nshawa ndi uci kwa alimi amene apereka mfuti ndi misampha yao ya waya ndi kuleka kupha nyama. Kuyambira pamenepo njobvu za ku Mfuwe zapezako mpumulo, ndipo zifika m'minda ndi pa miseu kawiri-kawiri.

Eagle ndi Buffalo

M'zaka zomwezo Chipata inachuka monga tauni ya njinga. Fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle, ndipo m'zaka za m'ma 1980 dzina limeneli linali pakamwa pa aliyense kum'mawa kuno. Mlimi akagulitsa thonje kapena nshawa, cinthu coyamba kugula cinali njinga. Ndiyo inali ambulansi, ndiyo inali basi, ndiyo inali ngolo ya ku cigayo.

Pa nthawi imene matenda a Edzi anali kupulula mabanja, anthu odzipereka osamalira odwala kumidzi anali kuyenda pansi mitunda yaitali. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, linafika m'Zambia mu 2006 ndi nchito yopereka njinga 23,000 kwa anthu amenewa. Miseu yathu inathyola njinga zambiri zacabe-cabe, motero bungweli linakonza njinga yolimba ya masipoko okhuthala ndi keliyala yotha kunyamula makilogramu 100. Anaicha Buffalo, ndiye kuti njati.

Walira mvula walira matope

Kwa zaka zambiri mseu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, wa makilomita oposa 100, unali wafumbi ndi mabampu ogwedeza mano. M'zaka za m'ma 2010 unathiridwa tala, ndipo aliyense anakondwa. Wochova afika msanga, matayala akhalitsa, katundu sagwa. Koma tala inabweretsanso liwiro. Motoka imene kale inali kukwawa tsopano ithamanga, ndipo wa njinga amene achova usiku wopanda nyale kapena cowala kumbuyo aika moyo wake pa ngozi.

Mukapatuka pa tala mulowa m'miseu ina yacete, imene ndiyo inandikoka mtima. Wina utsata mtsinje kumwera kulinga kwa Malama, wina upita kumpoto kudzera ku Nsefu kulinga ku Luambe. M'mwezi wa Juni kapena Julai, m'mawa kukali kozizira, mumva cheni canu ndi kulira kwa njiwa basi. Mudutsa pansi pa milambe, muona anyani ali pamzere m'mbali mwa njira, nswala ziima ndi kukuyang'anani. Alendo alipira ndalama zambiri kudzaona zimene mnyamata wa kumeneko aona popita ku cigayo. Koma mu Okutobala kutentha kupitirira madigiri 40, ndipo mvula ikagwa dothi lakuda la makande limata pa matayala kufikira wilo likana kuzungulira. Pamenepo mwini njinga ndiye asenza njinga.

Tsiku laciwiri la ulendo wathu tinacedwa kunyamuka pa mudzi wina cifukwa ca kumata chubu. Dzuwa lili pafupi kulowa, mnzathu wa kumeneko amene anali patsogolo anakweza dzanja natsika. Anatilozera ndowe zofuka nthunzi pakati pa njira ndi nthambi yothyoka kumene. Ife sitinaone kanthu. Tinakhala cete, ndipo patapita kanthawi njobvu zinayi ndi kamwana zinatuluka pa chire ndi kuoloka njira patsogolo pathu, kulinga ku mitengo ya mango. Ndikanakhala ndine wotsogola, ndikanalowa pakati pao. Usiku umenewo ndinamva za mabanja amene anataya abale ao pa miseu yomweyi, ndi za mai amene munda wake wonse unadyedwa usiku umodzi. Kukongola kumene mlendo ajambula, mwini mudzi akulipira ndi cimanga cake, ndipo nthawi zina ndi moyo.

Nazi nzeru zimene anzathu a ku Malambo anatigawira. Musachove mbandakuca kapena madzulo kuli cisisira, cifukwa ndiyo nthawi imene njobvu zioloka, makamaka m'nyengo ya mango ndi pamene mbeu zakhwima. Mukakumana ndi wochova mnzanu, mupatseni moni ndi kufunsa za kutsogolo. Safunsa anadya phula. Njobvu siiona patali koma imva fungo ndi phokoso, motero imani kutali, musalize belu, ndipo mubwerere ngati mphepo icokera kwa inu kupita kwa iyo. Ya mwana musaiyandikire konse. Pa mcenga simungaithawe ndi njinga. Yendani awiri kapena atatu, nyamulani madzi, pampu ndi zomatira, ndipo pewani malaya akuda kapena abuluu kumene kuli kashembe. Kuledzera ndi njinga pa miseu imeneyi ndi kudziitanira maliro.

Mau otsiriza

Agogo aja anandiperekeza pa cipata ca mudzi atagwira handulo ya njinga yao yakale, yomangidwa cishalo ndi mphira. Anandiuza kuti atate ao analambula nao njira imeneyo ndi khasu. Kuyambira tsiku limenelo sindiona wochova wa ku Malambo ngati munthu wosauka amene walephera kugula motoka. Njira ndi ya makolo ake, nyama zili pa nthaka ya mafumu ake, ndipo lamulo limupatsa malo pa msonkhano wokamba za ndalama zake. Cotsala ndi cakuti acinyamata apiteko ku misonkhano imeneyo, afunse kuti ndalama zalowa zingati ndipo zagwira nchito yanji, ndi kupempha zikwangwani ndi malinunda ocepetsa liwiro pafupi ndi masukulu. Ife a kumtunda tikatsikira kucigwa, titsike monga ophunzira.

Zokambirana pa gulu

1. Funsani munthu wacikulire wa kwanu za njinga yoyamba imene inafika m'mudzi mwao. Anabwera nayo ndani, ndipo anaigula kuti?

2. Mfumu Nsefu anabvomera kupatula dziko lake mu 1950. Mukanakhala nduna yake, mukanamulangiza ciani?

3. Ndi malo ati pa mseu wa kwanu amene ali oopsa kwa ochova njinga, ndipo gulu lanu lingacitepo ciani mwezi uno?